Mpando wa BaNamakau pa Khomo la Wodi

Chaka chatha chimwalirireni BaNamakau, koma mpaka lero ndikamakankha tirole ya chakudya kulowera kuwodi ya amuna ndimapezeka ndakhota pang'ono pakhomo, ngati ndikuopa kuponda mapazi a munthu. Sabata yatha mwana wawo wamkazi, BaInonge, anatiitana ku mapemphero owakumbukira. Tili pansi pa mtengo kudikira abusa, mlendo wina anafunsa kuti mayi amenewa ankagwira ntchito yanji. Aliyense anayankha kuti anali mkulu wa ophika kuchipatala. Koma bambo wina wachikulire amene anakhala kumapeto kwa benchi anapukusa mutu nati ayi, kuphika aliyense amaphika, mayi aja anali wolawa. Mawu amenewa andizungulira m'mutu sabata yonse, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe zimene ndikudziwa, ndi zimene sindikudziwa zomwe.

Chipatala chathu n'chaching'ono, cha mpingo, chili mkati pang'ono mukapatuka mumsewu wa Nakatindi, kuseri kwa malo ogona alendo odzaona mathithi. Ine ndine Tisauke, kwathu ndi ku Chipata, ndipo ndinagwira ntchito pansi pa BaNamakau zaka zambiri ndithu. Iwo anali Mlozi wa cha ku Senanga, mayi wamtali, wa mapazi aakulu oti nsapato ankagula kumbali ya amuna. Chinyanja chawo chinali cha mu Livingstone momwemu, chosakaniza, koma akapsa mtima chinkathawa chonse n'kutsala Chilozi chokhachokha. Ife osamva tinkangodziwa kuti zavuta tikamva mawu akutuluka ngati mpunga wokhuthuka m'thumba.

Ankafika woyamba. Asanavale epuloni ankaima pakati pa khitchini n'kununkhiza, mphuno m'mwamba, maso otseka. Akatsegula maso ankapita molunjika pamene pali vuto: anyezi wowola pansi pa thumba, nsanza yonyowa yoiwalidwa kuseri kwa mbaula, mkaka umene wayamba kutembenuka. Kuimba m'khitchini ankakana, ati malovu a nyimbo amagwera mu ndiwo. Pa nkhani imeneyi tinakangana nawo kosawerengeka, chifukwa ine kusenda mbatata chete sindingathe. Ankakangananso ndi manesi pa nkhani ya mchere. Nesi akalemba kuti wodwala uyu asadye mchere, iwo ankamvera, koma ankapita kukamuuza nesiyo maso ndi maso kuti akumvera mokakamizidwa. Mnyamata wobweretsa kabichi ankawaopa kuposa apolisi a pamsewu, poti ankang'amba kabichi aliyense pakati iye ali pomwepo.

Ankakonda kunena kuti munthu wodwala amayamba waona kaye amene wamubweretsera chakudya, kenako n'kuona chakudyacho. Ine ndinkangoti ndi zonena za akuluakulu.

Tsono panali supuni. Supuni wamba yachitsulo, yopindika pang'ono kumchira, imene inkakhala m'thumba la epuloni yawo. Kwawo kumadzulo, ngati mmene zilili kwathu kummawa, mwini nyumba sapatsa mlendo chakudya kapena chakumwa asanayambe walawa yekha mlendoyo akuona. Sikuti pamakhala kukayikirana ayi, ndi ulemu chabe, kumuchotsa mlendo nkhawa asanaiganize n'komwe. Achinyamata obadwira m'tauni muno zimenezi sazisamala. Iwo amadya chilichonse maso ali pa foni. Koma kuchipatala kwathu kumabwera nkhalamba zochokera kutali, kumidzi ya m'mbali mwa Zambezi, zina zopanda wachibale aliyense wozidikirira. Kwa oterewa BaNamakau ankaima pambali pa bedi, n'kutulutsa supuni ija, n'kutapa pang'ono m'mbale ya wodwalayo, n'kudya akumuyang'ana m'maso. Akatero ankapukuta supuni pa epuloni, n'kuibwezera m'thumba, n'kupita pa bedi lina. Nkhalamba zinkadya. Tonse tinkaona, manesi ankaona, madokotala obwera ndi kupita ankaona, ndipo palibe amene anaganizapo kanthu. Tinazolowera ngati mmene munthu amazolowerera chitseko cholira.

Oyendera za ukhondo ankabwera nthawi ndi nthawi. Ambiri ankathera m'khitchini: kutsegula furiji, kusuzumira m'mabini, kufunsa makalata osonyeza kuti ophika tayezedwa magazi, basi n'kumapita. Chaka china, m'nyengo yotentha ija yoti ngakhale agalu amasiya kuuwa, kunabwera mtsikana watsopano, BaMutinta. Anali Mtonga, wamfupi, wolankhula motsitsa mawu. BaNamakau atangomva dzina anasangalala, chifukwa Alozi ndi Atonga ndi a chimbuya, amanyozana mwanthabwala popanda wokwiya. Anayamba pomwepo kumufunsa ngati wasiya ng'ombe ndi munthu wodalirika, ndiponso ngati akudziwa kuti furiji si khola. Mtsikanayo ankangomwetulira akulemba. Atamaliza m'khitchini anachita chimene anzake sankachita. Anapempha kuti atsatire tirole mpaka kuwodi, ati akufuna kuona chakudya chikufika pakamwa pa wodwala.

Ine ndinkakankha tirole, iye ali pambuyo panga. Anaona supuni ikutuluka pa bedi loyamba. Anaiona ikupukutidwa, ikulowa m'thumba, ikutulukanso pa bedi lachitatu. Titatuluka panja anafunsa mwaulemu:

"Ba mami, supuni ija mumaisuka kuti?"

BaNamakau anaseka nati supuni yawo ndi yoyera kuposa mtima wa Mtonga aliyense.

Zotsatira zinabwera patapita masiku ochepa, ndipo anatiwerengera m'chipinda cha misonkhano, matroni, mkulu wa manesi, ali pomwepo. Nyama yaiwisi tinkaiika pamwamba m'furiji, zophika kale pansi pake, ndiye madzi a nyama ankatha kudonthera. Thabwa lodulirapo linali ndi ming'alu yosunga zinyenyeswa. Waya wotchinga ntchentche pawindo anali wong'ambika. Pampopi wosambira m'manja panalibe sopo. Zonsezi tinavomera mitu ili pansi, zinali zoona. Chomaliza chinali supuni, ndipo pa chimenechi BaMutinta ananena kuti ndicho chachikulu kuposa zonse. Adzabweranso, ndipo akadzapeza zikuchitikabe, khitchini idzatsekedwa, chakudya chizidzachokera kunja chotsekeredwa kale m'mabokosi.

BaNamakau anaimirira. Nthabwala zinali zitatha. Analankhula za ulemu, za nkhalamba zochokera kutali, za ana a masiku ano amene amaphunzira mabuku n'kuiwala kwawo, ndipo pakati pa mawu Chilozi chinayamba kutuluka. Mtsikana uja anadikira mpaka atamaliza. Kenako anati mwambowo akuudziwa, agogo ake aamuna sankamwa ngakhale madzi osalawidwa. Ndiye anawonjezera motsitsa mawu monga mwa nthawi zonse:

"Koma ba mami, pa bedi yoyamba paja pali munthu wa TB. Anali atakhosomolera kale pa mbale yake pamene munalawa. Pa bedi yachitatu pali munthu wa shuga, thupi yake ilibe mphamvu. Supuni ni imodzi."

BaNamakau anakhala pansi pang'onopang'ono. Matroni, amene mantha anali atawagwira kale, analamula kuti kuyambira pomwepo palibe wantchito aliyense wokhudza mbale ya wodwala ndi pakamwa, ngakhale supuniyo ikhale yogulidwa m'sitolo tsiku lomwelo. Titabwerera kukhitchini, BaNamakau anatulutsa supuni ija, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuiponya m'dirowa ya zinthu zosagwira ntchito.

Zinazo tinakonza msangamsanga. Thabwa latsopano linagulidwa, waya anakhomedwa, nyama inatsikira pansi m'furiji. Vuto linatulukira kuwodi.

Pa bedi loyamba paja panali BaMubita, msodzi wachikulire wa kupitirira Sesheke, amene anabwera yekha pa basi. Mwana wawo ankati akubwera, akubwera, osafika. Tsiku loyamba lopanda supuni ndinawapatsa mbale, iwo anaomba m'manja mwa Chilozi kuthokoza, analandira ndi manja awiri, n'kuika pakabati, n'kuvundikira ndi mbale inzake. Madzulo ndinapeza chakudya chili momwe chinalili. Mawa lake chimodzimodzi. Manesi anawanyengerera, ena anawakalipira, iwo ankangoomba m'manja n'kunena kuti adya pambuyo pake. Mankhwala a TB ndi amphamvu, ndipo munthu wosadya amamufooketsa kwambiri. BaMubita anayamba kusanza, maso analowa mkati, ndipo dokotala anayamba kukamba zowalowetsa chubu m'mphuno. Nkhalamba zina ziwiri za m'wodimo zitaona, nazonso zinayamba kuvundikira mbale.

BaNamakau anayesa kuwauza kuti alawa kale mumphika kukhitchini. BaMubita anayankha mofatsa kuti akukhulupirira, kungoti maso awo sanali kukhitchiniko.

Ine ndiye ndinali ndi nzeru zachidule. Ndinauza BaNamakau kuti alawe mobisa nesi akatuluka, ndani angadziwe, ine ndiima pakhomo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anandifunsa ngati ndikukumbukira mnyamata wina amene anabwera ndi mwendo wothyoka n'kubwereranso patapita miyezi akukhosomola. Ndinati ndikumukumbukira, koma chifuwa munthu amachitenga paliponse, m'minibasi, pamsika. Iwo anati inde, paliponse, ndipo n'chimene chikuwasautsa, chifukwa sadzadziwa. Supuni ija sadzaigwiranso. Komanso BaMubita sadzawaonerera akufa ndi njala mbale ili pambali. Ndinafunsa kuti nanga achita bwanji, anati ndisende mbatata.

Zimene anachita ndinazimva sabata yathayi, pa mapemphero paja, kwa BaMutinta eni ake, amene tsopano ndi mayi wa ana ndipo ananenepa bwino. Akuti Lamlungu lina masana anamva kugogoda pageti ya makolo awo ku Highlands. Atatuluka anapeza BaNamakau ali mu yunifomu ya amayi a mpingo, thukuta kamukamu, atayenda wapansi kuchokera kutchalitchi. Anaganiza kuti abwera kudzakangana kapena kudzapempha kuti afewetse zotsatira. Ayi ndithu. Anakana kulowa m'nyumba, anakhala pakhonde n'kuyamba mafunso ngati mwana wa sukulu. Kodi chimene chikuletsedwa n'chiyani kwenikweni, wophika kudya, kapena wophika kudya m'mbale ya wodwala? Nanga akadya m'mbale yakeyake? Nanga m'wodi muli matenda ouluka, kodi amathera pati, pakhomo kapena pakhonde? Munthu akadya n'kusamba m'manja ndi sopo, angagwirenso tirole? BaMutinta akuti anayankha limodzilimodzi osadziwa kumene mafunsowo akupita. Pomaliza BaNamakau anapempha madzi akumwa, ndipo atapatsidwa kapu anaigwira osamwa, akumuyang'ana mtsikanayo. Iye anazindikira, anatenga kapuyo, anamwako pang'ono, n'kukatunga ena m'kapu ina kuchokera m'jagi yomweyo. BaNamakau anamwa onse nati Atonga nawonso nthawi zina amaganiza.

Lolemba m'mawa anandiuza kuti ndipakule mbale imodzi yowonjezera. Anatenga kampando kathabwa kamene tinkakhalira posankha nyemba, anakakaika pakhonde, kunja kwa khomo la wodi ya amuna, poti aliyense wogona mkati angathe kukaona. Tirole anaimika pakhomo penipeni, mbale zonse zili poyera. Kenako anaitana BaMubita m'Chilozi. Pambuyo pake anandimasulira kuti anawauza kuti: mbale zonsezi zachokera mumphika umodzi, lozani iliyonse imene mukufuna, ine ndidya imeneyo.

Bambo aja anadzuka movutika n'kutsamira khoma. Anayang'ana mbalezo nthawi yaitali zedi, moti ine miyendo inayamba kundiwawa. Kenako anakweza chala n'kuloza ya pakona, kumunsi. BaNamakau anaitenga, anakhala pakampando paja, anapemphera, n'kudya phala lonse osafulumira, mpaka kukokota. Anasamba m'manja ndi sopo. Ndiye anauza BaMubita kuti alozenso yawo. Analoza. Ndinawapititsira, anaomba m'manja, analandira, ndipo mbale yovundikirira ija sanaikhudze. Ndinatuluka msanga chifukwa misozi inali itayamba kundichititsa manyazi.

BaMutinta atabweranso anaima pakhonde kuonerera zonsezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anangonena ziwiri: mpando usalowe mkati, ndipo sopo asasowe. Khitchini sinatsekedwe. BaMubita anachira, ndipo ndi iwo aja anakhala kumapeto kwa benchi sabata yatha. Anakwera basi kuchokera kwawo atamva kwa anthu kuti kuli mapemphero.

Kuyambira pamenepo BaNamakau sanadyenso m'khitchini. M'mawa, masana ndi madzulo ankadya pakhonde, mbale yolozedwa ndi wodwala. Amayi a kuwodi inayo atamva anati nafenso, ndiye mpando unkayenda uku ndi uku, ndipo tinayamba kuwapakulira theka kuti angaphulike. Achinyamata a m'tauni aja, amene poyamba ankaseka, anasandutsa masewera. Ankalimbirana kuloza, ndipo ankadziwa mbale zopanda mchere kuti zimakhala mbali iti. BaNamakau ankadya nkhope itakwinyika akuwatukwana m'Chilozi, wodi yonse ili m'phwete. Manesi anaona kuti ngakhale odwala opanda chilakolako ankadyako pa nthawi imeneyo, poti munthu ukamaseka umaiwala kuti pakamwa pakuwawa.

Chimene chinkandizunguza ine n'chakuti, chifukwa chiyani? Ophika ena Achilozi ndawaona, mwambo amaudziwa, koma safika pamenepa. BaInonge amati agogo awo, bambo a BaNamakau, anamwalira m'chipatala china kutali ndi kwawo mbale ili yodzaza pambali, mwana wawo ali pa ulendo. Msuweni wawo wina amati si zimenezo, koma kuti BaNamakau ali mtsikana anadwala kwambiri atadya pa ukwati wina ndipo sanaiwale. Nditawafunsa eni ake, anandiuza kuti iwo ndi mayi wadyera amene anapeza njira yodyera kawiri. Ine ndinkaganiza kuti amachitira chifundo anthu akumudzi, ngati mmene timanamizira mwana kuti jekeseni sawawa. Munthu wokhala m'tauni zaka zonsezo, wa mpingo, wophika yekha chakudyacho, angakhulupirire zoti mbale yosalawidwa ndi yoopsa?

Atapuma pa ntchito sanakhalitse. Anagwa kunyumba, mbali ya kumanja inafa, kulankhula kunkavuta. Anawagoneka m'wodi ya amayi momwemo, pa bedi loyang'anana ndi khomo. Mwambo wa mpando unali utazilala iwo atachoka, tinkangochita pakabwera nkhalamba yovuta. Tsiku limenelo ndinaphika ndekha, mosamala kuposa masiku onse, phala losalala lothira nsinjiro monga ankalikondera. Ndinawapititsira ndekha. Anayesa kuomba m'manja, dzanja lamanzere likumenya lakufa lija. Kenako ndi dzanja lomwelo anakoka mbale inzake n'kuvundikira.

Zinandiwawa, ndisaname. Zaka zonse zija, mayi amene anandiphunzitsa kugwira mpeni, lero akuvundikira chakudya changa? Ndinaima pamenepo ndikufuna kuwafunsa ngati akundiyesa mfiti. Koma iwo sankayang'ana ine. Maso awo anali pakhomo, pakhonde paja.

Ndinapita kukhitchini n'kukatenga kampando. Ndinabweza tirole pakhomo, ndinabwezerapo mbale yawo pakati pa zinzake, n'kuwauza kuti aloze. Anayang'ana mbalezo nthawi yaitali, monga anachitira BaMubita, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pawo inkanjenjemera. Analoza yopanda mchere. Ndinakhala pansi n'kuyamba kudya, ndipo nditafika pakati ndinamva mawu olemera, otuluka movutika:

"Yonse, iwe."

Ndinadya yonse. Analoza yawo, nesi anawadyetsa, ndipo anadya. Tinachita zimenezi tsiku lililonse mpaka pamene anasiya kumeza. Ngati ankaopadi mbale yosalawidwa, kapena ankafuna kuona ngati mwambo wawo utsala m'manja mwa munthu, kapena ankangofuna kundidyetsa phala lopanda mchere asanapite, sindidziwa. Ndimasinthasintha maganizo.

Kampando kaja kali pakhonde la wodi ya amuna, kunja kwa khomo monga analamulira BaMutinta. Miyendo yake inasiya timaenje pa simenti, ndipo okolopa akakasuntha amakabwezera momwemo. Thabwa la pamwamba linasalala mpaka kuwala, lili ndi kachigwa pakati. Mbale yowonjezera timaipakulabe, ndipo wodwala akaloza ndimadya ndine, koma ndimadya choimirira. Ndinayesapo kukhalapo kamodzi iwo atapita, miyendo inakana. Dzulo kunabwera nkhalamba yatsopano ya kumtsinje, yoti BaNamakau sinawaonepo. Inaloza mbale, ndinadya yonse, inalandira yake. Koma isanayambe kudya inasuzumira pambali panga, n'kuyang'ana kampandoko, n'kundifunsa kuti mwini wake wapita kuti.